Pa Tchesi Sukakamizidwa Kudya

Zione mwana wanga,

Ndakhala m'chigafa, pa benchi lija timasankhirapo fodya, ndipo ndikasuzumira pakati pa mikangala yopachikapo fodya ndikukuona ukuanula zovala pachingwe utandifulatira. Chichokereni Lamulungu mawu amene wandiyankhula ndi "zikomo" ndi "madzi ndaika kubafa" basi. Amayi ako andiuza m'mawa uno kuti, "Abambo ake Zione, pakamwa panu mwaononga kale. Ngati muli ndi mawu otsala lembani, pepala silikalipa." Ndiye ndikulemba. Uwerenge wekha lero lomwe, ndipo usawawerengere amayi ako, anganene kuti nzeru zonse zili m'menemu ndi zawo.

Nkhani ukuidziwa, koma ndiiyala poyera kuti tisanamizane. Mawa ukupita ku Lilongwe kukayamba koleji, ndipo Loweruka ukakhala pa bolodi pa mpikisano wosankha atsikana okaimira dziko pa tchesi. Njira zopitira zilipo ziwiri. Ina ndi kabaza mpaka pa Nkhamenya, kenako basi, n'kukafikira kwa azakhali ako ku Kawale, kumene ukagona chipinda chimodzi ndi ana awo ndi matumba a makala. Ina ndi galimoto ya a Sikelo, venda wa fodya uja amene dzina lake la ubatizo anthu analiiwala kalekale chifukwa cha sikelo yomwe sachoka nayo m'manja. Iwo akulonjeza chipinda chakochako m'nyumba yawo ya m'tauni, foni yatsopano yoseweramo tchesi, ndi munthu wokuphunzitsa. Wakula, sindingakumange chingwe kumwendo. Koma galimoto imeneyo ndikuiopa, mwana wanga, ndipo mantha omwewo ndi amene anasanduka ukali tsiku lija.

Ndiyankhula za tchesi chifukwa ndi chiyankhulo chokha chimene umandimverabe, ngakhale unayamba kundikwapula uli Fomu 2 ndipo mpaka lero sunandipatse mpata wopuma. Maka ndiyankhula za kusewera ndi zakuda. Ndikudziwa kuti umadana nazo, akakupatsa zakuda umakwinya nkhope ngati wamwa kwinini. Iwe umafuna kuyamba, kuthamanga, kuotcha. Koma pa mpikisano theka la masewero ako udzakhala wakuda, ndipo ku Lilongwe kuja, ngati mtsikana wochokera kwa Kaluluma wopanda dzina, udzakhala wakuda tsiku lililonse. Ena ndiwo adzayamba kusuntha, iwe udzakhala woyankha.

Ine tchesi ndinaiphunzira ndili wamkulu kale, nditaphunzitsa sukulu zaka zingapo. Ndinakulira pa drafti wa zitsekerero za mabotolo pakhonde la golosale, ndi bawo pansi pa mtengo wa mango. M'masewero awiri amenewa lamulo ndi limodzi: mpata wodya ukapezeka, uyenera kudya. Pa drafti ukanyalanyaza amakulanda chitsekerero chako anthu akuseka. Ndiye kunabwera a Msiska, a chipatala aja anachokera ku Rumphi, ali ndi bolodi lopinda m'chikwama cha mankhwala. Atandionetsa mayendedwe a anthu onse, mfumu, mfumukazi, bishopu, hatchi, ruku ndi timaponi tija ta kutsogolo, tinayamba kusewera. Chilichonse chimene anasiya poyera ine ndinkadya, ndipo masewero alionse ndinkagonja. Tsiku lina anandigwira dzanja lili m'mwamba, n'kundifunsa m'chiyankhulo cha kwawo kuti aphunzitsi mwadyeranji. "Asambizgi, mwaryerachi?" Ine ndinati, "Si mwandipatsa nokha?" Anapukusa mutu. "Iyi ni drafti yayi. Kuno munthu sakakamizidwa kudya. Mukhoza kuyang'ana chakudya, n'kuchisiya pomwepo." M'moyo wanga wonse panalibe anandiuzapo kuti chinthu choikidwa pamaso pako ukhoza kuchisiya. Zione, pa tchesi sukakamizidwa kudya.

A Msiska omwewo ndi amene anandiphunzitsa kamangidwe kaja kamene ine ndimati mpanda. Anzako a m'tauni ali ndi dzina lake lachizungu, akakuuza ulilandire, koma mpanda wake ndi womwewo. Woyera akakankha poni ya patsogolo pa mfumu yake kufika pa e4, iwe yankha ndi poni yako pa c6. Ndi kasitepe kamodzi konyozeka, oonerera amaganiza kuti wachita mantha. Asiye aganize. Kenako d5, ndipo poni imeneyo imaima ili ndi inzake kumbuyo yoichirikiza, monga timachirikizira mzati wa chigafa mvula isanayambe. Akakankhanso kufika pa e5 kuti akupanikize, tulutsa bishopu wako apite pa f5, kenako e6, hatchi pa d7, enawo atuluke mmodzimmodzi, mfumu ikabisale pakona kuseri kwa maponi ake. Usasunthe munthu mmodzi kawiri ena akadali mtulo. Palibe chokongola pamenepa, palibe amene adzakuombere m'manja, koma woyera akafika ndi liwiro lake amapeza palibe polowera, ndipo amayamba kutuluka thukuta ndi iyeyo.

Ukanati nditamva mawu a a Msiska ndinachira, koma dzanja lokulira pa drafti silimva msanga. Nthawi imeneyo a Sikelo anali asanagule galimoto, ankayenda pa njinga sikelo ili pa kaliyala, ndipo nawonso anaphunzira tchesi pakhonde la chipatala pomwepo. Tsiku loyamba kusewera nawo ndinali wakuda. Mpanda ndinauyamba bwino, c6, d5, bishopu watuluka. Kenako anasiya poni ya pa b2 yopanda mlonda, n'kutsamira kumbuyo. "Idyani aphunzitsi, n'zaulere izi." Mfumukazi yanga inali pa b6, njira ili yoyera. Ndinadya. Ruku yawo inabwera kudzaithamangitsa, ndinathawa. Hatchi inalumpha, ndinathawanso. Kuthawa kwanga kulikonse kunkatulutsa munthu wawo wina, pamene anga onse anali chigonere kunyumba. Posakhalitsa mfumukazi inapanikizidwa m'mphepete mwa bolodi, yopanda kolowera, chifukwa cha poni imodzi. A Sikelo anainyamula mwaulemu ndi zala ziwiri, akumwetulira. "Ine sindilanda munthu, aphunzitsi. Amabwera yekha." Tinaseka tonse tsiku limenelo. Sabata ino mawu amenewa akundibwerera ndipo sakundiseketsa.

Ndasewera nawo zaka zambiri kuchokera pamenepo, ndipo ndikuuze mmene amasewerera, pakuti munthu akhoza kunama pakamwa koma pa bolodi amayenda mmene alili. Sanayambepo masewero osapereka kanthu. Poni apa, poni apo, nthawi zina hatchi yathunthu. Ndipo fodya amagula chimodzimodzi. M'mwezi wa njala safika pakhomo ndi pepala, amafika ndi thumba la chimanga n'kunena kuti ndi mphatso chabe ya ana. Fodya akauma amabwera kudzacheza m'chigafa, n'kuloza masamba amene awakonda, ndipo mwini wake pakamwa pamalemera. Ungamukanize bwanji munthu amene ana ako anadya chimanga chake? Sanaphwanye lamulo lililonse, ndipo palibe amene angawatengere kubwalo.

Vuto lina ndi lathu, ine ndi amayi ako. Tinakulera kuti chakudya cha eni sukana. Ukali wamng'ono ukakankha mbale kwa anthu, amayi ako ankakutsina pantchafu pansi pa chitenje. Ndi mwambo wabwino, koma unandipweteka inenso. Chaka changa choyamba cha uphunzitsi ndinapita kukaona kholo la mwana wina amene ankajomba, ndipo anandilandira ndi thobwa m'kapu yaikulu ya pulasitiki. Nditangoliyandikiza kukamwa mphuno inandiuza kuti thobwali lagona masiku, koma mayi aja anali atagwada pomwepo akundiyang'ana. Ndinamwa lonse, n'kuyamikira, iwo n'kuthiranso lina. M'mawa mwake ana a Sitandade 5 anaphunzira okha, aphunzitsi awo ali kuseri kwa sukulu akulapa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mwana wanga. Pali mawu aulemu amene ndikanatha kunena, ndipo palibe akanakwiya: "Zikomo kwambiri, ndakhuta." Uwaphunzire mawu amenewa, uwayeseze pagalasi ngati n'kofunika. Foni ija a Sikelo anasiya pa kabati ikadali m'bokosi lake, ndaona kuti sunaitsegule ndipo ndakunyadira. Ikhoza kubwerera ndi mawu omwewo, utagwira ndi manja awiri.

Usandimve molakwa, sindikuti usamadye konse. Mumpanda mwathumu, woyera akatulutsa hatchi pa c3 m'malo mokankha, timadya poni ya pa e4, iye n'kubwezera, ndipo palibe walakwa. Kusiyana kwake n'kwakuti pamenepo umaona mapeto ake usanayambe, ukudziwa chimene ukupereka ndi chimene ukulandira. Koleji ikakupatsa malo ogona, landira. Bungwe la masewero likakupatsa thandizo poyera, mayina akuwerengedwa pamaso pa anthu, landira ndi kuvina komwe. Chimene ndikukana ndi chija chimabwera ndi mawu akuti "n'zaulere izi", mwini wake atatsamira kumbuyo. Ukachiona, ika manja pansi pa tebulo, udzifunse kuti ndikadya ndidzakhala nditaima pati, ndipo ndani adzakhala pafupi nane.

Kulakwitsa kwanga kwina kunali kwa chizolowezi, ndipo kumeneku ndiye kochititsa manyazi. Mpanda ndinauloweza mpaka dzanja linkayenda lokha. Tsiku lina pa mpikisano wa aphunzitsi ku boma ndinakhala ndi mayi wina wachete, wa magalasi, wochokera cha ku Kapelula. Tinadyerana pa e4, hatchi yake inaima pakati, ine ndinaika yanga pa d7 monga mwa nthawi zonse. Iye anasuntha mfumukazi kasitepe kamodzi kufika pa e2. Sindinafunse chifukwa chake, ndinali kuyang'ana mabolodi a anzanga. Ndinatulutsa hatchi yachiwiri pa f6 poti ndi mmene timachitira. Hatchi yake inalumphira pa d6. Ndinatambasula dzanja kuti ndiidye ndi poni, mayi uja anati chapansipansi, "Singasunthe imeneyo, abambo, kumbuyo kwake kuli mfumu." Mfumukazi ija inali italoza kale mzere wonse. Mfumu yanga inafera pakati pa anthu ake omwe, itazunguliridwa ndi abale, masewero asanatenthe n'komwe. Ena anali asanavule majekete ine ndikupinda manja.

Chimene ndinaphunzira ndi ichi: mpanda suteteza munthu wogona. Mnzako akasuntha, ngakhale kasitepe kooneka kopusa, funsa kuti akufuna chiyani. Ife kuno tili ndi mayendedwe athu oloweza. Munthu wamkulu akayankhula timati inde. Munthu amene anagula malata a tchalitchi sitimukayikira. Wothandiza ana a sukulu timamuombera m'manja. Inenso ndinaomba, ukukumbukira, tsiku limene a Sikelo anabweretsa mabolodi atsopano ku kalabu yathu ya pasukulu, ndipo ndine ndinakukankha kuti ukawalandire m'malo mwa anzako. Mabolodi aja anathandiza ana ambiri, sindikana. Koma sindinafunse kuti kasitepe kameneka kaloza mzere uti. Ndikufunsa tsopano mochedwa, ndipo yankho lake silikundigoneka tulo.

Umamudziwa Esinati, mwana wa a Nambewe a kutsidya kwa dambo. Iwe unali ku sukulu yogonera pamene a Sikelo anamutenga kuti akamulipirire maphunziro a zosoka m'tauni. Mudzi wonse unayamikira. Anabwerako patapita chaka, makina osokera analibe, anali ndi mwana kumbuyo. Sanatchulepo dzina la munthu, ndipo makolo ake akafunsidwa amayang'ana pansi. Ine sindinaone kanthu ndi maso angawa, ndipo sindiika munthu mlandu papepala. Chimene ndaona n'chakuti galimoto ija ikamadutsa pa msika, Esinati amalowa kuseri kwa chigayo mpaka fumbi litatha. Pa bolodi sitidikira umboni, Zione, timayang'ana kumene anthu a mnzathu aloza.

Ndiye ganiza mmene ndinamvera Lamulungu lija a Sikelo atabwera titaweruka ku tchalitchi, n'kukhala pakhonde pathu mwendo pamwamba pa unzake. "Aphunzitsi, mwanayu ndi golide, mundisiyire ine. Kunyumba kwanga ku tauni kuli chipinda chikungokhala." Ndinafunsa kuti nanga mayi akunyumba ali komweko? "Ayi, iwo aja amakonda kumunda kuno." Ndinafunsanso kuti m'nyumbamo mumakhala ndani. "Mlonda basi, ndi ineyo ndikapitako pa za okushoni." Iwe unali utaima pakhomo ndi thireyi ya tiyi, maso akuwala, ndipo sunamve chimene ine ndinamva. Ndinadziletsa mpaka galimoto itachoka, kenako zonse ndinakhuthulira pa iwe, amene unalibe mlandu.

Mawu ako a tsiku limenelo ndawasinkhasinkha, ndipo ambiri ndi oona. Unati, "Adada, anzanga amene ndikasewere nawo ali ndi makompyuta ndi owaphunzitsa, ine ndili ndi inu ndi bolodi lothyoka hatchi. Mukufuna ndikagonje, ndibwerere kuno kudzasoka fodya?" Zinandilasa, chifukwa hatchi ija ndi ine ndinaimata ndi phula. Sindikufuna ubwerere kudzasoka fodya. Ndakuona ukukula pa bolodi mpaka kufika pamene sindithanso kutsata zimene ukuganiza, ndipo palibe chinthu chinandikondweretsapo chotero. Zoona, ukapita kwa azakhali ako udzayamba uli kumbuyo. Wakuda amayamba ali kumbuyo ndi kasitepe kamodzi nthawi zonse, ndipo mpanda wonse uja anaupangira zimenezo, kuti munthu wotsalira asafe msanga, afike pakati pa masewero ali wathunthu. Ofika pakati ali athunthu ndi amene amapambana mipikisano, osati odya poni yoyamba.

Pali nthawi ina mumpanda imene imawawa, ndikuchenjeze. Woyera amatenga malo ambiri, anthu ako amapanikizana m'mizere itatu, ndipo mtima umayamba kunena kuti chita kanthu, chita kanthu. Ine ndinagonja kwa a Msiska kosawerengeka pa nthawi imeneyi. Ndikatopa ndi kupanikizika ndinkakankha maponi a patsogolo pa mfumu yanga, f6, g5, kuti nane ndioneke mwamuna, ndipo mphepo inkalowera pomwepo. Iwo ankangoti, "Mwajula mwekha, asambizgi," kunena kuti ndatsegula ndekha. Iwe wakulira m'fodya, ukudziwa kuti tsamba louma suligwira masana dzuwa lili pamutu, limafumbutuka m'manja. Umadikira chinyontho cha m'mawa lifewe. Mumpanda chinyontho chimenecho ndi poni ya c5. Imabwera nthawi yake, anthu ako onse atatuluka, mfumu itabisala, ndiye umagogoda pa tsinde la maponi ake ndipo nyumba yake yaikulu ija imayamba kugwedera. Ukafulumira nayo waononga, ukaiopa mpaka kalekale wafera m'khola.

Kwa azakhali ako kudzakhala kopanikiza chomwecho. Ana adzalira ukuwerenga, magetsi adzathima, ndipo azakhali akowo, mlongo wanga yemwe, amayankhula ngati wailesi yopanda batani lozimitsira. Tsiku lina udzakhala pamphasa bolodi lili pamiyendo, n'kukumbukira chipinda chija chikungokhala, ndipo udzanditukwana mumtima. Nditukwane, ndapirira zambiri. Koma usakankhe maponi a patsogolo pa mfumu chifukwa chotopa. Ndipo Loweruka ukaona kuti masewero sakutheka, kufanana mphamvu si manyazi. Wakuda amene wagawana mfundo ndi katswiri amagona tulo tabwino, katswiriyo ndiye amatembenuka pabedi.

Ndikubwerezanso, poti aphunzitsi timadwala matenda obwereza. Yang'ana chimene mnzako wasuntha. Funsa chimene akufuna. Manja pansi pa tebulo mpaka mutu utamaliza. Choikidwa pamaso pako sukakamizidwa kudya, ngakhale mwini wake ndi wamkulu, ngakhale anthu akuyang'ana, ngakhale wabwera nacho pagalimoto mpaka pakhomo.

Tsopano ndifike pa bishopu, amene ndakhala ndikumuzungulira chiyambire kalatayi. Ndi bishopu uyu ndinalakwitsa kawiri, mbali ziwiri zosiyana. Poyamba ndinkaopa kumutulutsa. Ndinkafulumira kutseka e6 iye akadali m'kati, poganiza kuti mpanda wabwino ndi wotseka paliponse, ndipo ankakhala masewero onse kuseri kwa maponi ake, osaona kanthu, osathandiza kanthu. Ndi mmene ndinachitira utasankhidwa kupita ku sekondale yogonera, ndinalimbana ndi amayi ako sabata yathunthu kuti uziyendera ya pafupi. Iwo anapambana, ndipo akanapanda kupambana bwenzi lero kulibe koleji, kulibe Loweruka. Bishopu amayenera kutuluka chitseko chisanatsekedwe. Pamenepo ndinaphunzira, ndipo mawa sindikuletsa kupita.

Kulakwitsa kwachiwiri ndinakuchita nditaphunzira koyambako. Ndinatulutsa bishopu pa f5 monyadira. Mnzanga anakankha poni ya m'mphepete, h4, ine osalabadira, n'kutseka e6 kumbuyo kwa bishopu wanga. Anakankha g4. Ndinathawira pa e4, anandikankha ndi f3. Ndinabwerera pa g6, anakankha h5. Ndinayang'ana uku ndi uku, malo onse obwererapo anali otseka, ndipo amene anatseka njira ya kunyumba sanali mdani, inali poni yanga yomwe ya pa e6. Kasitepe kamodzi kokha, h6, kakanamutsegulira kakhomo pa h7 kuti zikavuta abwerere. Sindinakaganize chifukwa maso anga onse anali pa kulimba kwa mpanda. Bishopu anafera panja, pafupi ndi kwawo, anthu ake akuyang'ana.

Lamulungu lija ndinachita zomwezo ndi iwe. Ndinaima pakhonde, amayi ako akundikoka malaya, n'kunena kuti, "Ukakwera galimoto imeneyo, pakhomo pano usadzapondenso." Unandiyang'ana, sunalire, unangotola makapu. Ndinkaganiza kuti ndikulimbitsa mpanda. Usiku womwewo ndinaganiza za Esinati, ndinadzifunsa kuti kodi anapirira miyezi ingati m'tauni muja chifukwa choopa nkhope ya bambo ake. Munthu amene ndikumuopayo sasowa china koposa mtsikana wopanda kobwerera, ndipo ine ndinamupatsa ndi pakamwa panga.

Anzanga ena ku sukulu andilangiza kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi umusemere, imufotere yekha. N'zosavuta kunena za mwana wa mnzako. Ine sindikufuna kuti chilichonse chikufotere m'manja kuti ndidzaoneke wanzeru. Ndingakonde ndikhale wolakwa pa zonse ndalemba za a Sikelo, udzandiseke mpaka ukalamba wanga, kusiyana n'kuti ndikhale wolondola.

Wa kabaza ndamuuza afike m'mawa, ndipo galimoto nayo ndikudziwa ifika, mwina nthawi imodzi. Ine sindidzaima pakhonde. Ndidzakhala m'chigafa muno, chifukwa ndikaona nkhope ija pakamwa panga padzathamanganso, ndipo udzasankha pofuna kundionetsa ine m'malo moyang'ana bolodi. Kusunthako n'kwako. Ndikupempha, ndi mtima wanga wonse, ukwere kabaza. Ndidzakhala ndikumvetsera kulira kwa injini, ndipo ndikudziwa kusiyanitsa ziwirizo.

Pa tchesi ukakhudza munthu wasuntha, subweza. Pakhomo pano si pa bolodi, ndipo mawu aja ndawabweza, onse, pamaso pa amayi ako ndi papepala pano kuti usadzakayike. Ukakwera kabaza, pano ndi kwanu. Ukakwera galimoto, pano ndi kwanu. Zikadzavuta kulikonse kumene uli, usadzawerenge manyazi, usadzadikire kuti zikhale bwino kaye, usadzakonze zonena. Dzuka ubwere, kaya wapambana kaya wagonja, kaya uli wekha kaya wabereka kumbuyo. Sindidzafunsa kuti ndinati chiyani. Ndidzatuluka kudzakuchingamira kumsewu, ndikulandire katundu.

Ndine adada ako.